Tete, mzinda umene chuma chimangodutsamo

Munthu atapatsidwa chigawo chathu chonsechi cha Tete, kuno ku Mozambique, kuti asankhe pomanga likulu, sindikhulupirira kuti akanaloza pamene pali mzinda wa Tete. Akanakwera kuno kumtunda, ku Angónia kapena ku Tsangano, kumene mvula imagwa yokwanira, chimanga chimabereka, ndipo mu Juni munthu amagona atafunda mabulangete awiri. Tete ali m'chigwa, pakati pa miyala, milambe ndi mitengo ya masau. Mvula ya chaka chonse kumeneko imangopitirira pang'ono mamilimita 600, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kukadutsa madigiri 40 palibe amene amadabwa. Komabe kalembera wa 2017 anapezamo anthu oposa 300,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri amene analimo mu 2007. Anthu onsewa sanatsate nthaka kapena kamphepo kabwino. Anatsata mtsinje wa Zambezi, makamaka malo amodzi pa mtsinjewo.

Kumtunda kwa Tete, Zambezi amadutsa m'mapiri a Cahora Bassa, mmene kale munali mathithi ndi miyala yoti bwato silikanayesa dala. Kumunsi, ukapitirira mpata wa Lupata, mtsinjewo umatambasuka m'madambo ndi m'zilumba za mchenga, tsidya lina osaoneka bwino. Pa Tete ndi pamene pamakumana zinthu ziwiri: ngalawa zochokera kunyanja zinkafika mpaka chapomwepa zisanakumane ndi mathithi, komanso mtsinje ndi wopapatirako, magombe ake ndi olimba, moti kuwoloka n'kotheka. Wamalonda wobwera ndi nsalu ndi mikanda ankatsitsa katundu pano n'kuyamba ulendo wapansi. Wobwera ndi golide kapena minyanga ya njovu ankasiya ulendo wapansi pano n'kukweza katundu m'ngalawa. Mbiri yonse ya mzindawu, kuyambira nthawi imeneyo kufikira malole a lero, yagona pa kutsitsa, kukweza ndi kuwolotsa zinthu za eni ake.

Oyamba kuona ubwino wa malowa anali amalonda achiswahili ochokera kugombe. Apwitikizi anakhazikikapo cha m'ma 1531, maso awo ali kummwera, ku golide wa ufumu wa Mwenemutapa. Koma kumpoto kwa mtsinje kunali kwathu, dziko la Amaravi, la Kalonga, Undi ndi Lundu, ndipo Tete sakanakhala popanda kugwirizana kapena kulimbana nawo. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka pa Tete wapansi kupita ku Kilwa, nadzera kwa mfumu Muzura, ndipo zimene analemba za ulendowo ndi zina mwa zolembedwa zakale kwambiri zonena za makolo athu. M'zaka za m'ma 1700 okumba golide anawolokera kumpoto, n'kuyamba kutsegula migodi m'dziko la Undi, ndipo mphamvu za Undi zinayamba kuchepa chifukwa mafumu ang'onoang'ono anazolowera kuchita malonda okha ndi alendowo osadzera kwa mwini dziko.

Apa m'pofunika kumvetsa za maprazo. Boma la Portugal linalibe asilikali okwanira kulamulira chigwa cha Zambezi, ndiye linkapereka madera akuluakulu kwa mabanja ena, Apwitikizi ndi anthu ochokera ku Goa ku India, amene anakwatira m'mabanja a kuno n'kusanduka ngati mafumu. Mphamvu yawo inali achikunda, akapolo onyamula mfuti amene ankatolera msonkho, kusaka njovu ndi kuperekeza maulendo a malonda. Banja la Pereira linamanga ufumu wake ku Macanga, pakati pa Achewa, ndipo linalamulira mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Malonda a akapolo atakula m'zaka za m'ma 1800, anthu ankagwidwa m'midzi ya kumpoto, kuwolotsedwa, n'kutsetserekera ku Quelimane, ena kukathera ku Brazil. Tikamayang'ana makoma a linga lakale la São Tiago Maior mu mzindamu, tizikumbukira kuti pa katundu amene ankadutsa pansi pa makomawo panali abale athu.

David Livingstone anafika pa Tete mu Malichi 1856 atadutsa Africa kuchokera kumadzulo. Anasiya pano Amakololo amene anayenda naye, n'kupita kwawo kukalengeza kuti Zambezi akhoza kukhala msewu wa sitima zapamadzi mpaka mkatikati mwa dziko. Atabwerera mu 1858 ndi sitima yake, mathithi a Cahora Bassa anamukaniza, ndipo anatembenukira ku mtsinje wa Shire. Kutembenuka kumeneko ndi kumene kunatsegulira amishoni ndi Angerezi njira ya ku dziko limene lero ndi Malawi. Pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal litadula malire, Achewa ndi Angoni a Maseko anapezeka ali mbali ziwiri, wina kulima munda ku Dedza kapena ku Ntcheu, mlongo wake kukwatiwa ku Domwe, dziko lina. Chigawo cha Tete chinatsala chitapanikizika pakati pa mayiko atatu a Angerezi, ndipo tauni yake inagona tulo kwa zaka zambiri. Njanji inafika mu 1949, koma inathera pa Moatize, tsidya lina, chifukwa inadzera malasha osati anthu. Mpaka lero sitima silowa mu mzinda wa Tete. Dzina loti mzinda analipeza pa 21 Malichi 1959, ndipo nthawi imeneyo galimoto yochokera ku Blantyre kupita ku Salisbury, amene lero ndi Harare, inkawoloka pa pantoni.

Chinadzutsa Tete ndi damu ndi nkhondo, ziwirizi zinabwera pamodzi. Frelimo inatsegula nkhondo m'chigawo chino mu 1968, ndipo chaka chotsatira Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa pafupi ndi Songo, pa mathithi omwe aja anakaniza Livingstone. Pofuna kulekanitsa anthu ndi ankhondo a Frelimo, atsamunda anasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza yozingidwa ndi asilikali. Pa 16 Disembala 1972, ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzindawu, asilikali a Portugal anapha anthu wamba pafupifupi 400. Ansembe achikatolika ndi amene anasonkhanitsa umboni, ndipo wansembe wachingerezi Adrian Hastings anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times mu Julayi 1973. Nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inadzapepesa mu 2022, patapita zaka pafupifupi 50.

Mlatho woyamba unamangidwa m'masiku omwewo. Anaukonza pa pepala ndi injiniya Edgar Cardoso, unatsegulidwa mu 1973, ndipo ufulu utabwera unapatsidwa dzina la Samora Machel. Ndi mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo, wotalika mamita oposa 700. Amene sanauwolokepo wapansi sanaudziwe Tete. Galimoto yolemera ikamadutsa, pansi pamanjenjemera mpaka m'mawondo. M'mbali mukudutsa amayi osenza mabeseni a masamba, ana asukulu, njinga zonyamula makala matumba atatu, ndipo ukasuzumira pansi umaona azimayi akuchapa pa miyala, wina ataima chiriri kuyang'anira madzi, chifukwa ng'ona za pamenepa si nthano. Mlathowu ndi umene unasandutsa Matundo ndi Chingodzi, tsidya la kumpoto kumene kuli bwalo la ndege, kukhala mbali ya mzinda. Usanamangidwe, tsidya limenelo linali kwina ndithu.

Nkhani ya magetsi ndi imene imaonetsa bwino khalidwe la chuma cha kuno. Khoma la Cahora Bassa ndi lotalika mamita 171, ndipo makina ake asanu amatha kupanga mamegawati 2,075. Koma damulo silinamangidwire midzi ya Tete. Kasitomala wake anali South Africa, ndipo nthambo zinakokedwa mtunda wa makilomita oposa 1,400 kuchokera ku Songo kukafika pa siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg. Magetsi a m'nthambo zimenezo ndi a mtundu woyenda mbali imodzi, umene umathandiza kuti mphamvu isatayike pa ulendo wautali, koma sungangolumikizapo waya panjira kuti uunikire mudzi. Nthambozo zimadutsa pamwamba pa anthu ogona ndi koloboyi. Pa nkhondo yapachiweniweni nsanja zake zambiri zinagwetsedwa, ndipo damu lonselo linakhala zaka zoposa khumi likungopanga timagetsi tochepa mpaka nthambo zitakonzedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dziko la Mozambique linadzatenga magawo 85 pa 100 aliwonse a kampani ya HCB, yoyendetsa damulo, mu Novembala 2007, litalipira Portugal madola 700 miliyoni, Pulezidenti Armando Guebuza n'kulengeza kuti Cahora Bassa ndi yathu. Ife a kumalire tikudziwa mbali ina ya nkhaniyi: kwa zaka zambiri matauni a Ulongwe ndi Zóbuè, m'chigawo chomwecho cha damu, ankayatsa magetsi ogula ku ESCOM ya ku Malawi. Tsopano zinthu zatembenuka, pakuti nthambo yolumikiza mayiko awiriwa, yoti Malawi azigula magetsi a kuno, imayambira pa siteshoni ya Matambo, kunja kwa Tete, kukathera ku Phombeya m'boma la Balaka.

Za nkhondo yapachiweniweni sinditalikitsa, aliyense kuno ali ndi yake. Chofunika pa nkhani ya mzinda ndi chakuti msewu wochokera pa Zóbuè kudzera pa mlatho kukafika ku Cuchamano, malire a Zimbabwe, unakhala njira yofupika ya katundu wa Malawi njanji za ku Beira ndi Nacala zitawonongeka. Malole ankayenda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Anthu a kumidzi anathawira mbali ziwiri: oposa miliyoni imodzi a m'dziko lonse anawolokera ku Malawi, ena anakhamukira mu mzinda momwemu n'kumanga timanyumba m'mphepete. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri a iwo sanabwererenso kumudzi.

Kenako kunabwera malasha. Kuti ku Moatize kuli malasha zinkadziwika kalekale, ngakhale Livingstone anawaona. Chatsopano chinali mtengo. China ndi India atayamba kusungunula zitsulo zambiri, malasha a mtundu wophikira chitsulo anakwera mtengo, ndipo pansi pa Moatize pali ambiri otere. Kampani ya ku Brazil ya Vale inapambana chilolezo mu 2004 n'kuyamba kutumiza malasha kunja mu 2011. Chaka chomwecho Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa Benga, pa madola pafupifupi 3.7 biliyoni. Amene anali ku Tete masiku amenewo akukumbukira: magalimoto oyera a mbendera zazitali ali mbwee, mahotela kumera, eni nyumba kutulutsa alendi akale kuti alowetse makampani olipira madola, achinyamata ochokera m'zigawo zonse ataima pa zipata ndi mapepala awo a sukulu m'manja.

Vuto linali loti malasha ndi olemera, ndipo nyanja ili kutali. Njanji ya Sena yopita ku Beira, ya makilomita pafupifupi 575, sinkatha kunyamula onse. Rio Tinto inkafuna kuwatsetseretsa pa Zambezi m'ngalawa zikuluzikulu, loto lomwe lija la Livingstone, koma boma linakana. Mitengo itagwa, kampaniyo inagulitsa migodi yake mu 2014 kwa kampani ya Amwenye ya ICVL pa madola 50 miliyoni okha. Vale inamanga njira ina, ya makilomita 912, yodutsa mu Malawi kukafika ku doko la Nacala-a-Velha, koma nayonso inadzatopa, ndipo mu 2022 inasiyira mgodi ndi njanji yomwe kampani ya Vulcan pa madola 270 miliyoni. Ndalama zimene zinasungunuka pa malonda awiriwa zikanamanga mizinda ingati, aliyense adziwerengere yekha.

Amene sanathe kugulitsa gawo lawo n'kuchoka ndi anthu a pamalopo. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi wa Vale ukumbidwe, alimi ambiri kupititsidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Kumene anachoka ankalima m'mphepete mwa mtsinje wa Revúbuè, kuumba njerwa ndi kugulitsa makala ndi masamba m'tauni. Kumene anapita anadandaula za nthaka yamiyala, madzi osowa, nyumba zong'aluka ndi msika wotalikira. Mu Januwale 2012 anakhala pa njanji kutsekereza sitima ya malasha mpaka apolisi anawabalalitsa. Otsala pafupi ndi mgodi ali ndi dandaulo lawo, fumbi. Mayi wa ku Moatize amayanika ufa woyera pamphasa m'mawa, pofika masana wachita mbuu, ndipo malaya oyera a mwana wasukulu sawayanika panja tsiku limene akuphulitsa miyala.

Pa zonse zimene nthawi ya malasha inasiya, chooneka kwambiri ndi mlatho wachiwiri, wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu Novembala 2014 makilomita ochepa kumunsi kwa woyambawo. Malole olemera anawapatutsira kumeneko, amalipira pa chipata n'kulambalala pakati pa mzinda. Kale mzere wa malole odikira kuwoloka unkafika kutali, ndipo mzere umenewo unkadyetsa anthu: ophika nsima, ootcha nyama, osintha ndalama za makwacha, mametikali ndi marandi, ogulitsa madzi ozizira. Mlatho watsopano unapepuza wakale, komanso unasamutsa malonda amenewo.

Ine ndimaona kuti anthu akamakamba za Tete amachulutsa za malasha n'kuiwala malonda amene sanagwepo mtengo, a pakati pa mapiri ndi chigwa. Mzindawu sungadzidyetse wokha. Chimanga, nyemba, kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere zimachokera kuno kumtunda. Lole imadzaza madzulo ku Ulongwe kapena ku Tsangano, eni katundu atakhala pamwamba pa matumba atavala majekete, n'kutsika usiku kudzera ku Mussacama kumene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè. Pofika ku Moatize majekete onse avulidwa. M'bandakucha lole ili pa msika wa Kwachena, anyamata otsitsa akuthamangira matumba, ndipo amayi ogula mopikula akumasula kukamwa kwa thumba n'kupisa mkono mpaka m'chigongono, chifukwa amadziwa kuti zikuluzikulu timaika pamwamba. "Achimwene, pansipa mwabisapo ana okhaokha," mayi akutero m'Chinyungwe, mwini katundu akuyankha m'Chichewa kuti, "Iyayi mayi, khuthulani muone nokha," mtengo akutchula m'Chipwitikizi, ndipo akumvana bwinobwino. Mlimi sangakanire mtengo nthawi yaitali. Kachewere amene akanakhala masabata kumudzi, m'kutentha kwa Tete amayamba kulira madzi pa masiku ochepa, ndipo ogulawo amadziwa zimenezo kuposa iye.

Pobwerera lole siibwera yopanda kanthu. Imanyamula simenti, malata, mchere, mafuta ophikira, matemba a kapenta ndi nsomba zouma za ku Chicoa zochokera pa nyanja ya Cahora Bassa, masau ouma ndi malambe. Fodya wa ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, amene kale ankawolokera ku Malawi kukakonzedwa, tsopano amatsikira ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mu mzinda momwemu. Ndipo pali mbuzi. Mbuzi ya ku Tete, yokulira masau ndi malambe, inatchuka moti dzina lake linalembetsedwa m'kaundula wa boma woteteza katundu wodziwika ndi dera lake, chinthu choyamba cha ku Mozambique kutero. Ife a kumtunda timaweta zathu, koma pa kanyenya tivomereze, atiposa.

Kutentha ndi kumene kumalamula nthawi mu mzindamu. Womanga nyumba amayamba kusanache kuti pofika 11 koloko akhale atagwira gawo lalikulu. Masana misewu imachepa anthu, agalu ali pansi pa magalimoto, ndipo amene akuyenda ndi maminibasi otchedwa mashapa, matxopela a miyendo itatu ndi njinga zamoto zonyamula anthu, woyendetsa atakulunga nsalu kumaso. Malonda a ana ambiri ndi madzi oundana a m'timapepala tapulasitiki, choncho firiji m'nyumba ya ku Tete ndi chuma chobweretsa ndalama, ndipo mayunitsi a magetsi a Credelec akatha usiku, bizinesi yonse yasungunuka. Nyumba ya malata imasunga moto wa tsiku lonse, ndiye mu Okutobala mabanja ambiri amayala mphasa pabwalo, kumanga neti pa mtengo, n'kugona panja mpaka mvula yoyamba.

Chodabwitsa mlendo ndi chakuti mzinda wokhala pa mtsinje waukulu chonchi umavutika madzi. Madzi a m'mipopi ambiri sachokera mu Zambezi mwachindunji koma m'zitsime zakuya zokumbidwa mu mchenga wa m'zigwa, monga chigwa cha Nhartanda chimene chimadutsa kuseri kwa tauni yakale ndiponso m'mphepete mwa Revúbuè. Mchengawo umasefa madzi, n'chifukwa chake njirayi ndi yotsika mtengo. Koma Nhartanda yemweyo ndi dimba la mzinda, ndipo nyumba, zimbudzi ndi zinyalala zakhala zikumuyandikira chaka ndi chaka. Mapaipi anayalidwira tauni yaing'ono, pamene anthu anawirikiza m'zaka khumi, ndiye m'madera okwera ndi akutali madzi amabwera kwa maola ochepa, nthawi zina pakati pa usiku, ndipo zigubu zachikasu zimagona pa mzere. Wosowa pogula amapita kumtsinje, kumene kuli ng'ona zija, ndipo m'nyengo ya mvula kolera sachedwa, monga zinachitikira mu 2015.

Mtsinje woopsa kwa mzindawu masiku ano si Zambezi, amene damu linamugwira pakhosi, koma Revúbuè. Ameneyu amachokera m'mapiri akwathu ku Angónia, alibe damu lalikulu lomuletsa, ndipo amathira mu Zambezi pambali pa Chingodzi. Mvula ikagwa yamphamvu kumtunda, madzi amafika ku Tete ngakhale kumeneko kusanadonthe kanthu, ndipo mitengo imene tadula m'mapiri ndi madimba amene talima mpaka m'mphepete zimawonjezera liwiro lake. Madzi saiwala khwawa, koma munthu wobwera kudzafuna ntchito amamanga pamene malo ndi otchipa, ndipo malo otchipa ndi m'khwawa momwemo. Mu Malichi 2019, masiku ochepa namondwe wa Idai asanagunde Beira, Revúbuè anasefukira usiku n'kumiza nyumba ku Chingodzi ndi ku Matundo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anabwereza, n'kudula mlatho wa pa Revúbuè wolumikiza Tete ndi Moatize, ndipo mkulu wa boma la Tete anafera m'madzi omwewo galimoto yake itakokoloka akupita kukaona zimene zawonongeka. Kwa nthawi yonse imene mlathowo unali wosadutsika, wogwira ntchito ku mgodi wokhala ku Chingodzi ankasankha pakati pa bwato ndi ulendo wozungulira: kuwoloka Zambezi pa Samora Machel kupita kummwera, kutsika m'mbali mwa mtsinje, n'kuwolokanso pa Kassuende kubwerera kumpoto. Malole athu a kachewere nawonso ankadzera komweko, kulipira pa chipata, ndipo mtengo wa ulendowo unkakathera pa mulu wa mbatata pa Kwachena.